Kanjira ka Amayi Ako

LOLEMBA

06:51 Bambo: iwe ndi mlongo wako munabwera ndi galimoto mwezi wa Epulo n'kunditengera amayi anu. munati akungokaonana ndi dokotala, pakatha masabata awiri abwerera. chaka chikupita kumapeto. lero m'malo mwa amayi ako wanditumizira njerwa

06:53 Bambo: lole yakhuthula mulu pageti, pamodzi ndi mchenga. dalaivala akuti wamutuma ndiwe

07:20 Mzime: mwadzuka bwnj bambo

07:21 Mzime: si njerwa wamba, ndi mapeva. tikufuna tiyale pa kanjira kanu kochokera pageti kukafika pakhomo. konkire ija yang'aluka, komanso imaterera mvula ikagwa

07:24 Bambo: ndakufunsa za amayi ako

07:25 Mzime: ali bwino. adya, mankhwala akumwa

07:31 Bambo: anakuuza ndani kuti imaterera

07:33 Mzime: aneba. akuti munagwa chagada ndowa ili m'manja

07:35 Bambo: aneba amenewo maso awo anasamukira kuno. denga lawo likudontha koma saliona

08:02 Bambo: ndatenga peva limodzi ndaika pa konkire. lakwera zala zitatu. akathira mchenga pansi zikhala zinayi. amayi ako chidwalire sitiroko phazi lamanzere silidzuka pansi, ngakhale bokosi la machesi sangalidumphe. amachita kulikoka. kanjira kameneka ndinathira ndekha, ndinasalaza ndi thabwa nditagwada kuti phazi lawo lizingotsetsereka. zimenezi ukuzidziwa

08:04 Bambo: adzayenda bwanji pa njerwa zokhala ndi mipata

08:40 Mzime: ndili kuntchito tiyankhula. ndikuika amisiri muno muzimvana nawo

Mzime waika Amisiri m'gulu

09:15 Amisiri: mwadzuka madala. musadandaule konkire yanu sitiphwanya. tingotsuka, kumata ming'alu, kuthira mchenga pang'ono, mapeva pamwamba. kumapeto timanga m'mbali ndi simenti kuti asamathawe

09:17 Amisiri: ndinadzaona Loweruka inu kulibe. amene anathira konkire imeneyo mtima anali nawo wabwino koma levulo analibe kkk

09:22 Bambo: ndine

09:23 Amisiri: za mtima wabwino ndanena kale madala

09:30 Bambo: munalowa bwanji pakhomo panga ine kulibe

09:31 Amisiri: ndinangosuzumira pageti

09:33 Bambo: onse amatero

LACHIWIRI

07:48 Bambo: amisiri ako afika. ndawauza kuti chitseko changa chimatsegukira kunja, chikhula njerwazi. akuti achidula kunsi. ndawafunsa ngati makoswe nawonso akuwalemba ntchito. aseka

08:26 Bambo: mapeva awa si atsopano. pansi pake pali dothi ndi mizu ya udzu. ena ali ndi oyilo wa galimoto

08:30 Amisiri: peva silikalamba madala, silili ngati ife

08:32 Bambo: mwazula kwa ndani. apolisi akabwera adzagwira ine mwini khomo, inu muli kwanu

08:33 Amisiri: zimenezo afunseni achemwali

09:10 Bambo: iwe mwana, ndikufunsa iwe

11:05 Bambo: uthenga wawerenga. timizere tasanduka mtundu. sukulu ndinalekezera panjira koma zimenezo ndimaziona

13:12 Mzime: mawu ojambula, 0:46

13:40 Mzime: mwamva? ndikuti si akuba, mtima pansi

13:58 Bambo: zimene wanena sindinazimve. kumbuyo kwa mawu ako amayi ako akuyenda. ndodo go, phazi khwee. ndabwereza mpaka foni yatentha

14:01 Bambo: akuyenda mofulumirako kuposa kale

14:02 Mzime: eya akuyesetsa 🙂

14:09 Bambo: koma akuyenda panja, ndamva mbalame ndi galimoto. ndipo pansipo ndi pa konkire. pakhomo pako ndinaona ndi maso anga, kuchokera pageti mpaka pakhonde panali mapeva okhaokha

14:10 Bambo: ndinakalambira ntchito ya ulonda ine. khutu langa silinama

14:31 Bambo: amisiri ali pano akudya. ndawafunsa, akungoyang'ana m'mbale

14:50 Amisiri: achemwali pepani, madala andipanikiza. andilanda hamala akuti sabweza

14:52 Amisiri: eya madala. ndinazula kwa achemwali mwezi watha. amayi ankakodwa phazi m'mipata. tinathira konkire yosalala kuyambira pakhonde mpaka pageti, ndi chitsulo chogwirira m'mbali

14:53 Amisiri: ntchito yabwino ndithu, mutaiona mungakondwe

15:20 Bambo: mawu ojambula, 1:58
"Iwe mwana, tamvera. Mlendo wa masabata awiri amamuyalira bedi, amamupatsa thawulo. Samuthirira konkire. Konkire munthu amathira pamene wakhazikika. Ndiye njerwa zimene zimawakola amayi ako wazichotsa kwako, wadzaziyala pakhomo pawo, pakhomo pamene unabadwira iwe. Ndikanakhala wophunzira mwina ndikanazimva mwanjira ina. Ine ndikuona kuti kwako watsegula, kuno watseka. Mukanangondiuza tsiku lija muli m'galimoto. Ndinawanyamulira kachikwama kakang'ono, madiresi awiri ndi juzi, chifukwa munati sachedwa. Zovala zina zonse zili muno. Ndimazitulutsa padzuwa kuti zisanunkhe chinyezi, aneba ako aja n'kumandiyang'ana ngati ndapenga."

16:44 Mzime: bambo musatero pls

16:47 Mzime: tsiku lomwe amayi anagwa kubafa anakhala pansi mpaka masana. inu kunalibe. mutabwera munalephera kuwadzutsa mpaka munaitana anthu. msana wanu mukuudziwa. ife tikanatani

16:55 Bambo: ndinapita kukatenga mankhwala awo. pamzere panali anthu

16:56 Mzime: sindikukuimbani mlandu

16:58 Bambo: mlandu munagamula kale inu awiri, ine osaitanidwa

17:03 Mzime: tinakupemphani mubwere mudzakhale nafe. chipinda chilipo

17:10 Bambo: ndizikagogoda pa chimbudzi cha mkamwini ine. nyumba ndili nayo. ndi amayi ako ali nayo

LACHITATU

06:20 Bambo: nthawi ngati ino amakhala atafika pageti kachiwiri. dokotala anati aziyenda m'mawa uliwonse. ine ndimakhala pakhonde ndi tiyi, osawathandiza chifukwa amakalipa ukawagwira mkono. akafika pageti amagogoda chitsulo ndi ndodo kuti ndidziwe kuti afika, ngati sindikuwaona

06:24 Bambo: kwako amagogoda chiyani

09:02 Amisiri: tayamba kuyala kuchokera pageti. madala akhala pampando pakati pa kanjira akuti tiwazungulire

09:04 Amisiri: achemwali ndithandizeni, ine sindinaphunzire kuyala mapeva pamwamba pa munthu

09:30 Mzime: bambo chokanipo anthu agwire ntchito

09:33 Bambo: ndili pakhomo panga

09:41 Mzime: chabwino ndikuuzeni. maganizo amenewa si anga. ine ndimafuna kuwapatsa anzanga mapevawo. amayi ndi amene anakana. atamva kuti munagwa anati apite kwa bambo ako, konkire ija idzamuthyola chiuno

09:50 Bambo: bodza

09:51 Mzime: ndikunamizeni chifukwa chani

09:55 Bambo: amayi ako amadziwa kuti pa njerwa sangayende. sanganene zimenezo

09:56 Mzime: akudziwa

10:14 Bambo: apatse foni anene okha

10:15 Mzime: ndili kuntchito bambo

12:37 Bambo: foni yosayankhidwa

12:39 Bambo: foni yosayankhidwa

13:20 Amisiri: madala achoka okha, dzuwa lawathamangitsa. alowa m'nyumba. tikupitiriza

18:05 Bambo: waweruka tsopano. apatse

18:22 Mzime: atopa agona. komanso mukudziwa lilime lawo, pafoni samveka bwino. amachita manyazi, akamaliza amalira

18:30 Bambo: samveka kwa iwe. ine akangoti mm ndimadziwa ngati akufuna madzi kapena akunditukwana

18:34 Bambo: ukandiimbira Lamlungu umawagwirira foni ndiwe, n'kumawayankhira. adya bambo, ali bwino bambo. ndinakwatira iwe kodi

18:52 Bambo: chabwino asayankhule. mawa akamayenda ungojambula phazi lokha. iwe usanenemo kanthu

LACHINAYI

06:35 Bambo: wajambula?

08:10 Bambo: ndayendapo pamene ayala kale. sipaterera, zimenezo ndivomere. ndayesa kukoka phazi ngati amayi ako. silipasi yatsala pa njerwa yachitatu

10:26 Bambo: amisiri ndacheza nawo. si munthu woipa, pakamwa pokha. ndawafunsa kuti konkire yanga pansipo ifa kapena ayi. akuti ayi, ikhala momwe ilili, mapeva angogona pa mchenga, palibe chowamata. munthu atafuna atha kuzula ndi manja n'kusesa mchenga, kanjira n'kubwerera

10:28 Bambo: akuti chimene chimatseka zonse ndi simenti ya m'mbali. akamanga imagwirana ndi konkire yakale, pochotsa mpaka hamala yaikulu, ndipo konkire yanga yopyapyala ija ingasweke nayo

10:29 Bambo: ndawauza asamange

10:45 Amisiri: achemwali nkhani yake ndi imeneyo. koma ndinene chilungamo. popanda kumanga m'mbali mvula ikabwera mchenga uthawa, mapeva ayamba kuyenda okha. pamenepo ndiye madala adzagwa bwino kuposa kale

10:48 Bambo: ndikagwa ndidzadzuka

10:49 Amisiri: mwa kanthawi kochepa zitha kupirira, mwezi umodzi kapena iwiri. kupitirira apo ine dzina langa lisatchulidwe

10:57 Bambo: wamva. mwezi kapena iwiri. ukandiuza tsiku lomwe ukuwabweretsa, ine ndizula ndekha dzulo lake. ndiunjika bwinobwino kuseri, udzapatse anzako aja

11:00 Bambo: usiku ndizidzuka nawo pokapita kubafa. ndagula mpando wapulasitiki wosambirapo. mankhwala azikatenga mwana wa aneba, ine sindichokanso pakhomo

11:02 Bambo: olo abwere mwezi umodzi aone nyumba yawo

14:15 Mzime: ndaona bambo. ndiyankhula ndi achimwene

14:20 Bambo: mlongo wako chichokere Epulo sanapondeko kuno. akudziwa chiyani za kanjira

16:40 Amisiri: tafika pakhomo. chitseko tadula pang'ono, chikutseguka bwino. madala atola chidutswacho akuti ndi chawo

16:42 Amisiri: kwatsala m'mbali mokha. mawa ndimalize ndipite kwina

LACHISANU

06:12 Bambo: mwagwirizana chiyani

07:30 Amisiri: ndafika. simenti ilipo, mchenga ulipo. sindisakaniza mpaka ndimve

07:31 Amisiri: achemwali, ndimange kapena ndisiye?

08:15 Amisiri: achemwali

08:50 Bambo: muyankhe munthuyu. wakhala pa wilibala akundiyang'ana, ine ndikumuyang'ana

09:34 Amisiri: madala andipatsa tiyi. akundionetsa zithunzi za ukwati wawo. anali mnyamata ndithu, tsitsi lonse lilipo

09:36 Amisiri: koma dzuwa likukwera, simenti imafuna m'mawa

10:20 Mzime: uthenga wafufutidwa

10:21 Bambo: unalemba chiyani

10:48 Mzime: mangani

10:49 Amisiri: chabwino

10:55 Mzime: bambo tidzabwera nawo kudzakuonani. galimoto idzafika pafupi, achimwene adzawanyamula mpaka pakhonde. pepani

11:40 Mzime: bambo

13:05 Mzime: foni yosayankhidwa

15:30 Amisiri: ntchito yatha. madala muzithira madzi m'mbalimo m'mawa ndi madzulo kuti isang'aluke. asapondepo munthu mpaka mawa

15:33 Amisiri: anandigwirira okha chingwe cha levulo. tsalani bwino

Amisiri atuluka m'gulu

LOWERUKA

06:40 Bambo: ndathira madzi. simenti yagwira

06:44 Bambo: amayi ako munawatenga Epulo. simunawabweze