Kabawi ndi kachilombo ka m'dimba

Lachinayi, mwezi wa Malichi. Tsiku loipa. Lembani choncho, apongozi anga, manja anga sadziwa cholembera.

Matimati onse a m'dimba afota ali chiimire, masamba akadali obiriwira. Alangizi abwera kuchokera ku Mitundu, adula tsinde limodzi n'kuliviika m'botolo la madzi. Mwatuluka zoyera ngati mkaka. Akuti ndi kachilombo ka m'dothi, kosaoneka ndi maso.

Ndawafunsa kuti, "Nanga ndikaopseze ndi chiyani, bambo?"

Aseka pang'ono. "Sikamva, mayi. Musabzalepo matimati zaka zinayi."

Zaka zinayi, ine? Amuna anga aja anapita chaka cha matipate, ndipo ine sindili kutali.

Bola kabawi. Kabawi amabwera masana, chithunzithunzi chake chimayamba kufika pansi, nkhuku n'kulira. Ndimakuwa, ndimagenda, ndimavundikira anapiye ndi dengu. Akapambana amatenga mmodzi n'kundisiyira ena. Ndi mbala, koma mbala yoonetsa nkhope. Aka ka m'dothi katenga dimba lonse ine ndikukathirira madzi m'mawa ndi madzulo, ngati mlendo.

Alangizi akutinso kamayenda. Kamakwera pa khasu, pa mapazi, pa dothi lomatirira ku mizu ya mbande.

Tsono pali china chimene sindinawauze. Mbande zija ndinakupatsani mwezi watha, zimene mwadzaza nazo dimba lanu la ku Nathenje, ndinazizula pomwepo, ndi dothi lake lomwe, kuti zisafote panjira.

Mwasiyiranji kulemba, apongozi? Lembani. Mwina kwanuko sikanagwire, mwina...