Khoma la kuseri kwa apongozi latupa mimba

Aphungu,

Ndine mkamwini pa mudzi wina kumtunda kwa Lifidzi. Mudzi wathu uli pamtsetse. Zaka zinayi zapitazo amalume a mkazi wanga, a Feliciano, anagumula phiri kuti pakhale bwalo, n'kumanga khoma la miyala lopitirira msinkhu wa munthu. Analimata dothi paliponse kuti lisalale ngati makoma a kwa apadiri, ansembe a ku mishoni.

Chaka chatha Natale, ndiye kuti Khirisimasi, asanafike ndinaona ming'alu, ndipo ndinauza a Feliciano kuti khomali lidzapha munthu. Anandiyankha kuti, "Mkamwini, munabwera kudzalima kapena kudzatiphunzitsa?" Mvula ili pakati, mbali ina inagwa n'kukwirira alamu anga a Margarida akusenda mbatata. Tinawafukula ndi makasu atauma kale. Pamaliro ndinamva amayi ena akunong'ona kuti, "Nanga iyeyu anadziwa bwanji?" Kuyambira pamenepo, ndikafika pamowa anthu amaphimba zipanda.

Tsopano mbali yotsala yatupa mimba, ndipo mtengo wa pichesi wa pamwamba pake wapendekera kumunsi. Pansi pake pali nyumba ya apongozi anga aakazi, momwe mumagonanso mwana wathu Lucinda. Apongozi sindingalankhule nawo. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Ndikanena, ndine mfiti. Ndikakhala chete, ndikumbanso. Ndichite chiyani?

E. B., Lifidzi

Bambo E. B.,

Pepani ndi maliro. Simunalodze munthu: munaona zimene aliyense wa maso akanaona, ndipo khomalo ligwa ndithu, munene kapena musanene.

Yambani ndi anthu, miyala pambuyo. Lucinda agone kwanu kuyambira lero. Pamenepo simufunika chilolezo cha munthu. Mawu a kwa apongozi adzere mwa mkazi wanu ndi ankhoswe, monga mwambo ufunira. Asakatchule imfa. Akangopempha kuti amayi asamukire kwa mwana wawo mpaka mvula itatha.

Tsono mumvetse chimene chikuchitika. Dothi lonyowa limalemera kwambiri kuposa louma, ndipo madzi akasowa potulukira amakankha. A Feliciano pomata mipata yonse anamanga mtsuko, osati khoma. Makoma a kwa apadiri ngosalala chifukwa kuseri kwake kuli chipinda. Lanulo kuseri kwake kuli phiri.

Popeza pakamwa panu sakupakhulupirira, lekani nthaka inene yokha. Pitani ndi ankhoswe kwa a Feliciano, mukapemphe nzeru mwaulemu. Kumtunda kwa khoma, patali ngati mapazi khumi, kumbani dzenje lofika m'chiuno. Likadzala madzi otumphuka m'mbali, phirilo lakhuta. Tapani dothi la pansi mulipote m'manja: likatalika ngati nyongolotsi osaduka, ndi lomata, losunga madzi, loterereka likanyowa. Kenaka funani mng'alu pansi, kuseri kwa khoma. Khomani zikhomo ziwiri, china uku china uko, ndipo luzi amange a Feliciano ndi manja awo, momasuka pang'ono. Pakapita masiku atatu akalione okha. Likakungika, nthaka ikuyenda, ndipo woyamba kudziwa akhala iwo, osati inu.

Dzenjelo mukalikwirire n'kulitsendera tsiku lomwelo. Kumbani ngalande kumtunda kuti madzi a m'munda adzere kumbali, ndipo mizere ya mbatata yoloza kumunsi itembenuzidwe, ipingase. Khomalo musalikhudze mvula ikugwa. Kusolola mwala umodzi pansi n'kudziitanira yonse.

Chilimwe mulimangenso pawiri, makoma afupiafupi ofika m'chiuno, ngati makwerero. Maziko afike pa nthaka yolimba, pansi pakhale potakata, khoma litsamire kuphiri. Kuseri thirani miyala ing'onoing'ono, ndipo m'munsi lowetsani nsungwi zoboola kuti madzi azituluka. Musamate. Khoma lodontha ndilo lamoyo.

Sindikunamizani: mwina akunenanibe, mwina akubwezerani kwanu ndi mphasa yanu. Dzina loipa munthu amayenda nalo, zaka n'kulifufuta. Koma musadikire kuti luzi likuyeretseni musanasamutse anthu. Khasu limene munafukulira a Margarida likadali pakhomo panu. Chaka chino likumbe ngalande.

Aphungu