Kudula Si Kumasula

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, ndipo tsiku lonse mtima wanga unali kwathu ku Kapondo.

Lole ya feteleza yomwe ndikuikonzera mapepala yaimitsidwa pa boda. A kasitomu alemba kuti katunduyo adikire "technical analysis". Dalaivala wake, mdala wa ku Chipata, anabwera ku ofesi kwathu thukuta lili kamukamu. "Mlongo, mawu awiriwa akutanthauza chiyani? Andimanga?"

Ndinawauza kuti akatswiri angotsegula thumba limodzi n'kuyeza zam'katimo. Anatuluka akuseka. Ine ndinatsala ndikuganiza za amuna anga, bambo a Chisomo.

Mawu omwewa anandiphunzitsa ndi iwo asanapite ku Joni, titakhala pakhonde, dikishonale yawo yothothoka chikuto ili pamwendo. Ankati onse awiri ndi ochokera ku Chigiriki. Technical kholo lake ndi mawu otanthauza luso, ngati la mmisiri wa matabwa. Analysis ndiye kumasula chinthu chomangidwa. Anatenga kachingwe kosokera matumba, n'kumanga mfundo, n'kundipatsa. "Masulani, amake Chisomo. Mukatero mudziwa mmene inamangidwira." Zitandikanika ndinatola mpeni. Anandigwira dzanja. "Ayi, kudula si kumasula."

Chino ndi chaka chachitatu chipitireni, kalata olo imodzi. Achemwali anga akuti ndipite kwa ankhoswe tikathetse banja, ndisakalambe ndikuyang'ana kumsewu.

Dikishonale ija ili m'sutikesi. Kachingweko kadakali pa tsamba la A, mfundo yake ili chimangire. Mpeni ndili nawo, koma dzanja langali likukumbukabe mmene analigwirira tsiku lija.