Chigubu Changa Chili Pamzere

George Compound, Lusaka
18 Seputembala 2024

Okondedwa akulu anga a Deborah,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete, pamodzi ndi mawondo anu aja odziwa za mvula kuposa wailesi. Uthenga wanu woti Chrispin adzanditenge mwezi ukatha ndaulandira. Muuzeni mwana wanuyo asavutike. Sindisamuka, koma mundimve kaye musanandikalipire.

Zimene munamva n'zoona. Amuna anga a Nason atatisiya ndinadzitsekera m'nyumba. Chakudya chinkandinyansa, korona ndinkangoigwira osatulutsa mawu, belu la kutchalitchi ndinkalimva ngati likuitana ena. Pafoni ndinkati ndili bwino poopa kukudetsani nkhawa.

Ananditulutsa ndi ba Abiba, Msilamu woyandikana nafe uja wogulitsa vitumbuwa. Paja kuno madzi timatunga pakiyosiki, ndipo chigubu ndicho chimasungira mwini wake malo pamzere. Tsiku lina m'mawa anandibera chigubu changa chachikasu pakhonde, anakachiika pamzere, n'kudzagogoda pawindo.

“Ba Philomena, chigubu chanu chili pafupi na pompi. Ine musana wanga ni wa chigubu chimozi chabe, musaganize ati nizakunyamulilani.”

Ndinapsa mtima. Koma chigubu chikafika pampopi mwini wake palibe amachikankhira pambali, ndipo kuchipezanso n'kwamwayi. Ndinapita tsitsi lili nyankhalala, ndikuwanyoza chamumtima. M'mawa mwake anandiberanso. Nkhalamba imeneyi ilibe manyazi.

Podikira timakhala panjerwa, iwo ndi mikanda yawo yopempherera, ine ndi korona yanga. Sanandiuzepo kuti ndileke kulira. Anangondiphunzitsa kumvetsera madzi akamalowa m'chigubu, ati pamenepo munthu asaganize za dzulo kapena za mawa, angopuma n'kuthokoza Mulungu. Mudzayese. Madziwo amayamba ndi besi ngati ya a Nason kukwaya, n'kumakwera mawu mpaka chigubu chidzale. Tsiku lina ndinangozindikira ndikuimba, azimayi a pamzere andilandira nyimbo. Ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo Lamulungu lake ndinabwerera kukwaya.

Posachedwapa ndatulukira kuti kwa ba Abiba madzi amatunga ndi mpongozi wawo, pawilibala. Chigubu chimene iwo ankabwera nacho pamzere chinali chonamizira. Nditawafunsa anati ndisamafufuze za m'nyumba za eni.

Tsopano nanenso ndine wakuba. Ba Fackson, telala wa kuseri kwathu, anaika akazi awo mwezi watha, ndipo makina awo osokera angoti zii. Chigubu chawo chabuluu ndimaba ndine. Dzulo anatuluka akung'ung'udza, mabatani a malaya atawamanga mophonya, komabe anatuluka. Ndikapita ku Katete, adzawabera ndani?

Mupereke moni kwa Chrispin ndi ana onse, muwauze kuti ndayamba kunenepa, diresi la kukwaya likundithina. Koma inu akulu anga, chimwalirireni alamu, pafoni mumati muli bwino ndi mawu omwe aja ndinkanena ine. Ndawazindikira. Ngati Chrispin wagula kale tikiti, mumulande mubwere ndinu, mudzakhale nane ngakhale mwezi umodzi. Ndagula chigubu china, chobiriwira. Chili pakhonde, ndipo ba Abiba ayamba kale kuchiyang'anitsitsa.

Ine mng'ono wanu wokusowani,
Philomena