Yohane Kuseri kwa Khola

Loweruka madzulo, kuno kwa Nchema. Tsiku linayamba bwino, koma latha mondilemera. Akulemba ndi mwana wanga Agnesi, poti ine cholembera chimandikana. Ndamuuza kuti asakonze mawu anga.

Lero akhristu anzathu a mphakati wathu wa kutchalitchi anabwera kudzaona Agnesi, amene wamaliza maphunziro a sayansi ku yunivesite. Ndinavala jekete. Asanafike ndinanyamula Yohane, mchimwene wake amene miyendo inafota ali mwana, n'kukamuyalira mphasa kuseri kwa khola, monga ndimachitira kukamabwera alendo.

Mayi wina anafunsa Agnesi kuti anamukopa ndani kuti aphunzire zimenezi. Iye anatulutsa foni n'kutionetsa mzungu wina wa ku Mangalande, malemu tsopano. Anali pa njinga ya olumala, khosi litapendekera kumbali, ndipo ankayankhula kudzera m'makina. Akuti masamu a nyenyezi zakufa ankawapangira m'mutu, anali wanthabwala komanso wamakani, ndipo anthu ankadzaza maholo kukamumvera.

Ine ndi kudzitama kwanga ndinati, "Mwaonatu! Mulungu sataya munthu."

Agnesi anandiyang'ana. "Nanga achimwene ali kuti, ababa?"

Ndinati agona. Nthawi yomweyo Yohane anatsokomola kuseri kuja, ndipo onse anamva.

Alendo atapita ndinakamutenga. Sanadandaule ayi. Anangondigwira khosi monga mwa masiku onse n'kufunsa kuti, "Ababa, amuyamikira bwino Agnesi?"

Agnesi, ima kaye pamenepo, mawu akundikanika...