Bambo Sabwera Loweruka

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwavutabe? Kuno tilipo, kungoti mwana wanga wamng'ono wagwidwa chifuwa, ndipo mpopi wapakhomo wauma, eni nyumba akungoti mawa, mawa. Koma si zimenezi zandigwiritsa cholembera. Ndalemba kalata dala, chifukwa ndikanaimba foni tikanayamba kukangana musanamve n'komwe nkhani yonse. Ndakwiya, achemwali, ndipo mmodzi mwa anthu amene ndawakwiyira ndinu.

Ndiyambe ndi za kuchipatala. Adokotala anawaona bambo maso. Akuti lakumanzere lija latha basi, palibe chimene angachite. Lakumanja likuonabe, koma nalonso layamba chifunga, ndipo anatiuza mosabisa kuti mankhwala angochedwetsa, sachiza. Potuluka bambo sanadandaule. Anangoti popeza afika kale kuno, akufuna akaone tauni yakale ija diso lidakalipo.

Nkhani yake mukuidziwa, tonse tinakula nayo. Ali mnyamata ankagwira ntchito kumeneko kophikira buledi, iwo ndi mnzawo uja amangomutchula kuti Phulusa chifukwa mutu wake unkakhala mbuu ndi ufa. Ndi Phulusa amene anawabwereka jekete tsiku lokafunsira amayi, jekete ya manja aafupi imene amayi amaisekabe mpaka lero, ndipo bambo sanabwezenso. Chisiyanirane sanaonanenso. Chaka chatha ndi pamene munthu wina anawauza kuti mnzawoyo alipo, akuphikabe pamalo pomwe paja.

Ine ndinanena poyera kuti tikagone konko. Ndinapempha masiku kwa abwana kushopu yathu yosokera, ngakhale anandiyang'ana ngati ndawapempha makina awo. Ndinapezanso kachipinda panyumba ina yogona alendo. Bambo nawo ananena, mwaulemu wawo uja, kuti kumeneko kumakoma m'mamawa. Nditawafunsa anandifotokozera kuti ophika buledi amakoleza moto tambala asanalire, ndipo dzuwa likamafika pamutu amakhala ataweruka.

Koma achimwene, a Wotchi anu aja, anati kugona n'kutaya nthawi. Anati galimoto ilipo, tinyamuka m'mawa, tikaona zonse, madzulo tabwera. Nditawauza za moto wa m'mamawa anandiseka, akuti masiku ano mashopu amatsegula tsiku lonse, zimenezo n'zakale. Kenaka anakuimbirani inu, ndipo inu munawavomereza. Musakane, foni inali pa sipika, ndinamva ndi makutu angawa. Munati bambo ndi munthu wamkulu, asamagone m'malo achilendo, angaterereke kubafa. Bambo anali pomwepo pampando akumva ana awo akuwagamula ngati katundu. Palibe mwa inu awiri amene anawafunsa kanthu. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo mwadyetsa bambo.

M'mawa wa achimwene mukuudziwa. Anayamba akatsukitsa galimoto, kenaka mafuta, kenaka foni ya kuntchito imene sinkatha. Tinanyamuka dzuwa litakwera. Panjira tinapezanso akukonza msewu, tinaima pamzere mpaka thukuta kamukamu. Bambo anangofumbata kachikwama kawo pamiyendo.

Titafika tinapeza kuti galimoto salola kulowa m'kati mwa tauniyo. Mumaisiya kunja kwa chipata n'kukwera wapansi. Misewu yake ndi yopapatiza, ya miyala yosalala ndi mapazi a anthu, nyumba zakale mbali iyi ndi iyi, alendo ali piringupiringu kujambula makoma. Achimwene anali patsogolo, dzanja limodzi foni, maso pawotchi, akuti tiyambe taona nsanja ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Bambo anangokhota okha ndi ndodo yawo. Achemwali, munthu amene kunyumba kuno amagunda mpando masana, kumeneko ndiye anatitsogolera. Anadziwa pokhotera paliponse, mpaka anandichenjeza ine wamaso awiri kuti kutsogoloku kuli sitepe yothyoka, ndipo inalipodi.

Tinapeza chitseko cha malo ophikira buledi aja chili chotseka ndi loko. Fungo la buledi linali lisanathe mumsewumo. Mayi wina wogulitsa madengu pafupi anatiuza kuti tachedwa, mkuluyo watsuka malata ake ophikiramo buledi ndipo wapita kale. Anati amakhala ndi mwana wake kuseri kwa mapiri, foni alibe, ndipo nyumba yake iye saidziwa. Anawonjezera kuti ngati tikumufuna tifulumire, chifukwa nyumbayo yagulitsidwa. Kutha kwa mwezi uno uvuni augumula, pakhala shopu ya zinthu zogulitsa kwa alendo.

Bambo anazungulira kuseri, m'kanjira kamene kali kumbuyo kwa uvuni, n'kuika chikhatho pakhoma la njerwa. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anati khomalo likutenthabe, ndiye kuti Phulusa sanasinthe, amawononga nkhuni ngati kale, ndipo anaseka. Kuseka kumeneko, achemwali, bola akanangolira. Ine misozi inangotsika yokha pamaso pa anthu.

Pamenepo ndinati basi, tigone konkuno, mwina kachipinda kaja sikanatengedwe. Achimwene anati ali ndi msonkhano m'mawa, komanso mankhwala a bambo a madzulo atsala kunyumba. Atsala bwanji, poti ine ndinawaika m'chikwama? Anawatulutsa ndi achimwene omwewo tisananyamuke, akuti tisanyamule zambiri poti tibwera lero lomwe. Ndinawalalatira, sindikubisa, mpaka mayi wamadengu uja anayang'ana kumbali. Bambo ndi amene anatiletsa, anati ana a munthu mmodzi sakanganirana pamsewu. Achimwene anawaimika pachitseko paja, kuwajambula, n'kutithamangitsira kunsanja. Bambo masitepe ake sakanatha kukwera, anatsala pansi pabenchi. Ulendo wonse umene munawakonzera unathera pabenchi imeneyo.

Pobwerera achimwene ankangoyamikira kuti tachita bwino, tafika kusanade kwenikweni, ndipo mdala waona tauni yake. Chithunzi chija anakutumizirani, inu n'kuyankha kuti zakoma kwambiri. Tachitsegulaninso muchione bwino. Kumbuyo kwa bambo kuli loko.

Tsono mverani zimene ndaganiza, ndipo sindikupempha chilolezo. Loweruka lino musawadikire bambo kudepoti monga tinapangana. Lachinayi la sabata yamawa ndikuwatenga pa basi, ine ndi iwo basi. Tikagona m'kachipinda kaja, kamene zenera lake likuyang'anana ndi chumuni cha uvuniwo. Bedi ndalifunsa, ndi lalifupi. Bafa lili pansi, palibe masitepe, ndipo ndikakhala nawo ine mwana wawo. Mankhwala ndikasunga m'thumba la diresi langa, aliyense wofuna kuwatulutsa ayambe wandigwetsa. Utsi ukangoyamba kutuluka, tikawoloka msewu. Abwana anena kuti ndikajombanso makina anga apatsa wina. Apatse. Ntchito yosoka ndidzaipezanso, koma mwezi ukatha uvuni uja kulibe, ndipo diso la bambo silikudikira munthu.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Musawaimbire bambo kuwauza kuti abwere kumudzi. Ndikukudziwani, muyamba ndi mawu okoma, kuti amayi awasowa, kuti asatopetse ana, kuti zakale n'zakale. Inu ndinu woyamba kubadwa, mawu anu amawamvera kuposa a tonsefe, ndipo mukangonena adzakwera basi ya Loweruka osatsutsa, monga anakhalira chete tsiku lija. Ndikudziwa kuti mumawasamala, ndinu amene mumakhala nawo chaka chonse, ndipo zimenezo sindikuziiwala. Koma kusamala munthu si kumutsekera m'nyumba ngati dzira. Amayi muwauze nokha bwinobwino, ndikukhulupirira kuti iwo amvetsa msanga kuposa inu.

Mwina munena kuti bambo eni ake sakufuna. N'zoona, pakamwa akutero. Akuti ndisavutike, aona kale, khoma analigwira, n'zokwanira. Chikwama chawo analongedza kale n'kuchiika pafupi ndi chitseko. Koma dzulo nditaweruka anandiitanira kuchipinda, natseka chitseko ngati akufuna kundiuza mlandu. M'kachikwama kaja anafumbata ulendo wonse anatulutsamo jekete yatsopano, yakuda, pepala la kushopu lidakali pakolala. Anaigula kumudzi konko asananyamuke, ndipo sanauze munthu. Anandifunsa ngati ndingaifupikitse manja pang'ono Lachinayi lisanafike, chifukwa Phulusa ndi wamikono yaifupi.

Ndaifupikitsa, achemwali. Ili pahang'ala apa ndikulemba pano.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamaime nthawi yaitali ndi mwendowo. Moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa azakhali ngati mungawaone. Achimwene moni wawo akupatsani okha, ine sitikulankhulana. Bambo akuti moni nonse, ndipo akuti muwauze amayi kuti ngongole ya jekete ija akukabweza.

Ndine mng'ono wanu,
Telala wa m'banjamo