Injini ya Gorda ndi Makiyi a Don Sinforiano

KOMITI YA CHITUKUKO YA POTRERO GUASU
Tsiku: Loweruka, 14 Malichi 2015
Malo: pansi pa mtengo wa mango kwa Wapampando (muholo muli mavu)
Opezekapo: a Ña Eduvigis Ortellado (Wapampando), a Librada Duarte (Mlembi), a Don Sinforiano Cáceres (dalaivala), aphunzitsi Wilfrido Insfrán, a Rufino Sanabria
Opepesa: a Cirilo Ayala (ng'ombe yawo ikubereka)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 3 koloko masana. Chikho cha tereré, tiyi wathu wozizira uja, chitayamba kuzungulira, Wapampando anakumbutsa aphunzitsi kuti munthu salankhula chikho chili m'manja, ena ali ndi ludzu. Aphunzitsi anapempha kuti pakhale mutu wokambirana zowalanda makiyi a Don Sinforiano. Mutuwo unalandiridwa, ngakhale mosakondwa.

2. Za injini ya Gorda

Wapampando anati Gorda, kagalimoto ka komiti konyamula odwala kupita ku Caazapá, yangokhala masabata asanu chifukwa pampu ya madzi inafa, ndipo mapampu awiri omwe aphunzitsi anaitanitsa ku Asunción akanika kulowa.

Aphunzitsi anafotokoza kuti galimoto za mtunduwu zinatuluka ndi injini ya 1.6 mpaka 1997, ya 1.8 kapena 2.0 kuyambira 1998 mpaka 2000, kenako ya 2.4. Analankhula mphindi makumi awiri. Mlembi walemba zomveka zokhazo.

Anati pampu yoyamba anatsata mapepala, omwe akuti 2002. A Rufino anati, "Aphunzitsi, mapepala a galimoto zobwera kudzera kudoko la Iquique ali ngati apongozi anga, zaka amachotsera." Wapampando anati zimenezo zisalembedwe.

Pampu yachiwiri anatsata kansalu ka pa lamba wa pampando, kolembedwa 1997. A Rufino anawakumbutsa kuti ku Iquique posamutsa chiwongolero kuchoka kumanja kupita kumanzere amangotola malamba aliwonse ali pafupi. Anati magalasi a m'mbali akuti 1999, ndipo aphunzitsi anadandaula kuti chaka chimenecho n'cha injini ziwiri.

A Don Sinforiano anati, "Inu ana inu, ndinakuuzani kalekale kuti ndi 2.0. Ndayiyendetsa zaka zisanu ndi zinayi. Ya 1.8 pachitunda imalira mopyapyala, koma iyi imang'ung'udza chamumtima."

Aphunzitsi anayankha kuti kusitolo safunsa kaliridwe, amafuna nambala ya pa injini, ndipo a Don anapemphedwa katatu kuti akaiwerenge koma akhala akuzemba. Anati komiti singadalire munthu wamakani chonchi. A Don anati, "Ndinkamasula mainjini iwe ukadali pamsana." Wapampando anagamula kuti komiti yonse ipite ikaone.

3. Kuwerenga nambala

Komiti inasamukira kuseri kwa khola la nkhuku, komwe kwaima Gorda. Kachitsulo ka nambala ka pansi pa boneti kanapezeka kuti kanadulidwa posamutsa chiwongolero chija. Panatsala nambala yodindidwa pa injini penipeni. A Rufino anatsukapo ndi petulo ndi mswachi wakale wa Wapampando.

A Don Sinforiano anawerama ndi tochi kwa nthawi yaitali, kenako anati girizi wachuluka. Panatsukidwanso. Anati dzuwa likuthobwa m'maso, ndipo Wapampando anawagwirira ambulera. Mlembi, yemwe anaima kumbuyo kwawo, ankaiwerenga nambalayo bwinobwino.

A Don anaweramuka, n'kuzimitsa tochi, n'kunena kuti, "Ña Eduvigis, ndisakunamizeni. Sindikuona. Chaka chatha ndinkaona."

Mlembi anawerenga nambalayo mokweza, aphunzitsi n'kuifufuza pafoni pawo. Ananena chapansipansi kuti ndi 2.0. A Rufino anati sanamve, ndipo aphunzitsi anabwereza. Zalembedwa kuti injini ya Gorda ndi 2.0, monga ananenera a Don masabata asanu apitawo.

4. Za makiyi

Aphunzitsi anapempha kubweza ganizo lawo. Anati, "Pepani bambo, ndimayesa ndi makani chabe."

A Don anakana. Anaika makiyi patebulo n'kunena kuti, "Makani ndili nawo, amenewo musandichotsere. Koma ine ndimanyamula amayi oyembekezera. Chipata cha tchalitchi chija ndinagunda mu Januwale, ndinachimva, sindinachione ayi."

Mlembi akuvomereza kuti apa anagwetsa misozi, ndipo ngati pali mawu ena analankhulidwa sanawalembe.

Anagwirizana izi: aphunzitsi aitanitse pampu ya 2.0, osatsatanso nzeru ina iliyonse. A Rufino ayambe kuyendetsa Gorda. Wodwala woyamba kunyamulidwa akhale a Don Sinforiano, kupita kwa dokotala wa maso. Wapampando anawonjezera kuti komiti yapeza maso koma makutu ilibe ena, choncho paulendo uliwonse a Don azikhala kutsogolo, kumanja, kumvetsera injini.

A Don anaganiza pang'ono n'kuti, "Kumanja? Chabwino. Ndiko kunali chiwongolero chake poyamba. Koma Rufino asamasinthe giya ndisananene." A Rufino anati ayamba kale kuvutika.

5. Zina ndi zina

Aphunzitsi anafunsa chochita ndi mapampu awiri aja. Wapampando anati awaike m'kalasi mwawo, aziphunzitsira ana kumvera akulu.

A Don Sinforiano anapempha makiyi aja kamphindi. Anamasulako kachingwe kofiira komwe anawalukira malemu akazi awo, n'kukaika m'thumba la malaya, makiyi n'kubwezera a Rufino. Komiti sinatsutse.

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 11 Epulo 2015, muholo ngati mavu adzakhale atachoka. Wapampando anatseka msonkhano 5 koloko madzulo.

Eduvigis Ortellado, Wapampando ____________
Librada Duarte, Mlembi ____________